Kilombero, Faya, Pusa ndi inzake: mmene mungadziwire mtundu wa mpunga, kuugula ndi kuuphika moyenera

Mukaima pa mabenchi a mpunga mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe n'kufunsa kuti "Uwu ndi mpunga wanji?", pafupifupi aliyense amakuyankhani chimodzimodzi: "Kilombero weniweni mayi, wa ku Karonga." Komatu boma la Karonga palokha silingadzaze mabeseni onse a m'misika ya dziko lino. Mpunga ulipo wa mitundumitundu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi khalidwe lake m'munda, m'thumba ndi mumphika. Munthu akamadandaula kuti mpunga wamata, wapserera kapena sunakwane alendo, kawirikawiri vuto silikhala dzanja la wophika. Chimachitika n'chakuti wagula mtundu wina, n'kuupatsa ntchito ya mtundu wina, kenaka n'kuuphika ngati mtundu winanso. Zimenezi n'zopeweka mukatsata ndondomeko ili m'munsiyi.

Gawo 1: Dziwani kaye ntchito ya mpungawo

Musanatulutse ndalama, dzifunseni kuti mpungawo ukukadyedwa kuti, ndiponso ndi anthu angati. Pa Khirisimasi, pa chinkhoswe, kapena pamene apongozi abwera, mumafuna mpunga wonunkhira, woti wodutsa kuseri kwa mpanda adziwe kuti pakhomopo pali zabwino. Imeneyo ndi ntchito ya Kilombero kapena Faya. Koma ngati mukuphikira khamu pamaliro, pa msonkhano wa mpingo, kapena muli ndi kamalo kogulitsira chakudya pa depoti, chofunika kwambiri ndi mpunga wotupa, woti kilo imodzi idzaze mbale zambiri. Pamenepo kugula Kilombero wodula n'kutaya ndalama, chifukwa fungo lake limasowa ukadyedwa ndi msuzi wa nyemba wambiri, chonsecho satupa kuposa inzake. Ngati ndi wa phala la ana m'mawa, gulani misere, yomwe ndi njere zosweka zotsala pachigayo. Mtengo wake ndi wotsika, imapsa msanga, ndipo phala lake likathiridwa nsinjiro palibe mwana amafunsa ngati njerezo zinali zathunthu.

Pa kuchuluka kwake, werengerani kilo imodzi pa anthu akuluakulu 8 mpaka 10 ngati pali ndiwo zokwanira. Pomwe palinso nsima ndi mbatata, kiloyo imafika anthu 12.

Gawo 2: Idziweni mitundu

Kilombero ndiye mfumu ya msika wathu. Dzinali n'lofanana ndi la chigwa cha Kilombero m'chigawo cha Morogoro ku Tanzania, koma kuno kwathu watchuka ndi madambo a ku Karonga, makamaka kudera la Kaporo, ngakhale amalimidwanso ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Njere zake ndi zazitali, zowonda bwino, ndipo akapsa amakhala wofewa, wosamata kwambiri, wonunkhira nyumba yonse. M'munda amatalika, amachedwa kucha, pafupifupi miyezi inayi ndi theka kapena isanu, ndipo akachulukirwa feteleza amagwa. Zokolola zake pa hekitala n'zochepa poyerekeza ndi mitundu yaifupi, n'chifukwa chake amadula. Mbiri yake idafika mpaka ku Scotland, komwe bungwe la Just Trading Scotland linkagulitsa m'masukulu ndi m'mipingo Kilombero wochokera ku KASFA, bungwe la alimi ang'onoang'ono a ku Kaporo.

Faya ndi mbale wake wa Kilombero pa khalidwe: wamtali, wochedwa kucha, wonunkhira. A zaulimi amamulemba kuti Faya 14-M-69. Anthu ambiri a ku Nkhotakota ndi ku Salima adakula ndi mpunga umenewu, ndipo mukawafunsa amakuuzani kuti kukoma kwake sikuchepa kwa Kilombero, kungoti dzina lake silimveka m'tauni. Ine ndimagwirizana nawo. Ngati mwapeza Faya wosasakaniza pa mtengo wotsikirako, musazengereze.

Mitundu iwiriyi ili ndi khalidwe lina lofunika kulidziwa: imatulutsa ngala potengera kutalika kwa usana. Imadikira kuti usana ufupike mokwanira, cha m'Marichi ndi Epulo, ndiye ibereke. Ichi n'chifukwa chake imalimidwa kamodzi pa chaka, m'dzinja, ndipo Kilombero watsopano amafika pamsika kuyambira cha mu Meyi. Wina akakuuzani mu Disembala kuti "ndangokolola kumene Kilombero uyu", funsitsani bwino.

Kenaka pali mitundu yaifupi, yocha msanga, yobereka kwambiri, imene idafala kudzera m'masikimu a mthirira monga Hara, Wovwe ndi Lufilya ku Karonga, Limphasa ku Nkhata Bay, Bua ku Nkhotakota, Domasi ku Machinga, Likangala ku Zomba, Nkhate ku Chikwawa ndi Muona ku Nsanje. Ambiri mwa masikimuwa adakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Wodziwika kwambiri m'gululi ndi Pusa, wochokera ku India, amene a kafukufuku adamutcha Nunkile koma alimi adakakamirabe dzina loti Pusa. M'dzinja amacha miyezi inayi isanathe, njere zake ndi zazitali ndithu, ndipo ali ndi kafungo pang'ono. Kafungoko ndi kamene kamachititsa kuti mavenda ena amusakanize ndi Kilombero ogula osazindikira. Wina ndi TCG 10, wotchedwanso Mtupatupa: alibe fungo, koma amabereka kwambiri ndipo mumphika amachuluka, choncho ndiye bwenzi la ophikira anthu ambiri. Palinso Senga, Changu, Vyawo, Wambone, Lifuwu ndi Kayanjamalo. Ntchito yoyesa ndi kutulutsa mitundu yotereyi imachitikira ku Lifuwu, malo a kafukufuku wa mpunga m'boma la Salima.

Mtundu wina wosiyana ndi yonseyi ndi NERICA, mpunga wolimidwa kumtunda ngati chimanga, wosafuna madzi oima. Adaupanga pokwatitsa mpunga wa ku Asia ndi mpunga wachiAfirika umene anthu a kuzambwe kwa Africa akhala akulima kwa zaka zikwi. Katswiri amene adatsogolera ntchitoyo, Monty Jones wa ku Sierra Leone, adalandira mphotho ya World Food Prize mu 2004. NERICA amacha msanga ndipo amapirira ng'amba yaifupi, koma pamsika sapikisana ndi yonunkhira ija.

M'masitolo akuluakulu, komanso kwa abale athu okhala ku Johannesburg kapena ku London, mumapezeka mitundu yakunja. Basmati, wa ku India ndi Pakistan, ndi wowonda kwambiri, ndipo akapsa amatalika pafupifupi kawiri osanenepa, njere iliyonse payokhapayokha. Amamusunga dala chaka kapena kupitirira asanamugulitse, kuti aume bwino. Jasmine wa ku Thailand ndi wofewa, womatako pang'ono, wonunkhira akakhala watsopano. Wosowa Kilombero kunja, uyu ndiye amayandikirako. Ndiye pali mpunga wachikasu pang'ono umene uli ponseponse ku South Africa, monga wa Tastic. Umenewo si mtundu wa mbewu ayi, ndi kakonzedwe: amauviika ndi kuufutsa ndi nthunzi usanachotsedwe mankhusu. Njere zake zimalimba, sizisweka, sizimatana, ndipo zakudya zina za m'madeya zimalowa mkati mwa njere. Koma umachedwa kupsa ndipo fungo lija la kwathu mulibe. Mpunga wabulauni nawonso si mtundu wapadera: ndi mpunga uliwonse umene wachotsedwa mankhusu okha, madeya n'kuwasiya.

Chimene chimasiyanitsa mpunga woyoyoka ndi womata chili m'kati mwa njere. Sitachi wa mpunga ali pawiri, amylose ndi amylopectin. Mpunga wokhala ndi amylose wambiri, monga basmati, umayoyoka, umamwa madzi ambiri, ndipo ukazizira umauma. Wokhala ndi amylose wochepa umafewa ndi kumatana. Wa ku Japan wopangira sushi uli choncho, ndipo ku Laos amadya wina womata kwambiri moti amautema ndi dzanja ngati nsima. Kilombero ndi Faya ali chapakati. Choncho musalimbane ndi mpunga womata mwachibadwa kuti uyoyoke. Ngakhale mutathira mafuta ochuluka bwanji, sizitheka.

Gawo 3: Yesani mpunga musanalipire

Apa ndi pamene ambiri amaluzira, chifukwa amachita manyazi kugwira katundu wa mwini. Palibe cholakwika, wogulitsa wachilungamo amakulolani. Pisani dzanja mpaka pakati pa thumba kapena pansi pa beseni, osangotapa pamwamba, chifukwa pamwamba ndi pamene amayala wabwino.

Yalani njere zochepa pachikhatho, muziyang'ane padzuwa. Mpunga wa mtundu umodzi umakhala ndi njere zofanana kutalika ndi kunenepa. Mukaona zina zazitali zowonda, zina zofupikirapo zonenepa, dziwani kuti wasakanizidwa, ndipo mumphika zina zidzapsa zinzake zikadali zolimba. Njere yabwino imawala ngati ikuonekera mkati. Zokhala ndi pamimba poyera ngati choko zidakololedwa zisanakhwime kapena zidakhwima m'nyengo yotentha kwambiri, ndipo zimasweka ndi kuphikika phala. Zachikasu zimasonyeza kuti mpunga udaunjikidwa uli wonyowa n'kutenthana pamulu. Timadontho takuda ndi pamene tizilombo tidayamwa njere ikadali ya mkaka. Onaninso kuchuluka kwa zosweka: ngati pachikhatho chanu zosweka zikufika gawo limodzi mwa magawo anayi, musalipire mtengo wa giredi yoyamba.

Kenaka fumbatani njerezo, muuzire mpweya wa m'kamwa m'chibakeracho kawiri kapena katatu, mufikise pang'ono, n'kununkhiza. Kutentha kwa mpweya kumadzutsa fungo. Kilombero kapena Faya weniweni amamveka nthawi yomweyo, fungo lokoma longa la chimanga chokazinga. Pusa amamveka patalipatali. Ngati mukumva chinyontho kapena nkhungu, usiyeni ngakhale atakutsitsirani mtengo. Dziwaninso kuti fungoli limachokera ku kanthu kamene kamauluka pang'onopang'ono, choncho mpunga wopuntha umene wakhala pabenchi padzuwa miyezi ingapo umazirala ngakhale uli Kilombero weniweni.

Pomaliza lumani njere imodzi ndi mano akutsogolo. Youma bwino imathyoka ndi kaphokoso, pakati n'kusiya poyera bwino. Ikamafinyika kapena kumata m'mano, mpungawo sunaume. Mukulipira madzi pasikelo, ndipo sukhalitsa.

Ngati mukufuna thumba lonse la makilogalamu 50, gulani kaye theka la kilo, mukaphike kunyumba, mawa lake mubwerere kwa munthu yemweyo ndi thumba lomwelo. Ndipo gulani pa sikelo, osati pa chigoba kapena mbale yophwanyidwa pansi.

Gawo 4: Ngati mukugula wosapuntha

Kwa amene ali ndi posunga, njira yotsika mtengo ndiyo kugula mpunga wa mankhusu kwa alimi nthawi yokolola, kuyambira Meyi mpaka Julaye, pamene mitengo ili pansi, n'kumapunthitsa pang'onopang'ono. Ubwino wake ndi wakuti mankhusu amateteza njere ku anankafumbwe ndipo amasunga fungo. Komanso mtundu umazindikirika mosavuta ukadali m'mankhusu, chifukwa maonekedwe a khungu ndi kansonga ka njere zimasiyana pakati pa mitundu. Tengani munthu wa m'deralo akuthandizeni kuona.

Werengerani bwino musanakondwe ndi mtengo. Pa makilogalamu 100 a mpunga wosapuntha, pafupifupi 20 ndi mankhusu, 8 mpaka 10 ndi madeya, ndipo mpunga woyera, kuphatikizapo misere, umatsala pakati pa 65 ndi 70 pachigayo chabwino. Pachigayo chotha mano umachepera pamenepo.

Kusweka kwa mpunga kumayambira pa kayanikidwe, osati pachigayo pokha. Mpunga woyenera kupuntha umafuna chinyezi cha pafupifupi 14 pa 100. Ukaumitsitsa padzuwa lamphamvu pa simenti yotentha, kapena ukauma kenaka n'kunyowanso ndi mame kapena mvula, njere zimang'ambika mkati mosaoneka ndi maso, ndiye zikalowa m'chigayo zimatuluka misere yokhayokha. Mitundu ya njere zazitali ngati Kilombero ndiyo imavutika kwambiri ndi zimenezi. Yanikani pamkeka kapena pa lona, mopyapyala, muzitembenuza pafupipafupi, masana dzuwa likafika paliwombo muphimbe kapena muunjike pamthunzi, ndipo madzulo mulowetse m'nyumba. Mukafika kuchigayo, pemphani ayambe ndi ndowa imodzi, muone mmene ukutulukira. Ngati zosweka zachuluka, auzeni amasuleko makina kapena pitani kwina. Madeya musawasiye, ndi chakudya cha nkhuku ndi nkhumba.

Gawo 5: Kusunga

Thumba lisagone pansi kapena kutsamira khoma. Liikeni pa matabwa kapena pa thandala, m'chipinda chouma. Matumba a PICS, aja a mapulasitiki awiri mkati, amagwira ntchito pa mpunga monga achitira pa chimanga: mukamanga bwino pulasitiki iliyonse payokha, tizilombo timafa ndi kusowa mpweya popanda mankhwala. Koma mpungawo ukhale wouma ndithu musanatseke. Wopuntha kale usungeni m'ndowa ya chivundikiro chothina, kutali ndi sopo, parafini ndi usipa, chifukwa mpunga umakoka fungo la zinthu zoyandikana nawo. Wonunkhira muzipunthitsa wokwana mwezi umodzi kapena iwiri basi. Wabulauni usapitirire miyezi isanu ndi umodzi, popeza mafuta a m'madeya amasasa, ndipo kumalo otentha ngati ku Chikwawa amasasa msanga kuposa pamenepo.

Mitundu iwiri musaiphatikize m'ndowa imodzi, ngakhale itatsala pang'onopang'ono.

Gawo 6: Kukonza ndi kuphika

Wa m'mapaketi a m'sitolo kawirikawiri umakhala wosankha kale, koma wa pamsika uyenera kudutsa palichero. Petani kuti mankhusu ndi fumbi zichoke, kenaka sankhani miyala ndi njere zosapunthika mutakhala powala. Timiyala tina timafanana ndi njere moti maso satiwona. Njira yake ndi iyi: ikani mpunga m'beseni la madzi, muzilizunguza pang'onopang'ono mutalipendeketsa, n'kumakokera mpunga wa pamwamba m'beseni lina ndi dzanja. Miyala ndi mchenga zimatsalira pansi pa ngodya. Bwerezani kawiri. Dzino la mlendo likaluma mwala, kukoma konse kwa Kilombero kumathera pomwepo.

Tsukani kawiri kapena katatu mpaka madzi asiye kuoneka ngati mkaka, koma osafikisa mwamphamvu, mungaswe njere. Ufa umene umachoka potsukawo ndi umene umamatitsa mpunga. Tsanulani madzi onse musanayeze ophikira.

Muyezo wa madzi ndi umene umasiyana kwambiri malinga ndi mtundu. Gwiritsani kapu imodzi yomweyo poyeza mpunga ndi madzi. Kilombero ndi Faya wa chaka chomwecho amafuna kapu imodzi ndi theka ya madzi pa kapu ya mpunga; akagonera chaka, onjezerani kufika pafupifupi makapu awiri, chifukwa mpunga wakale umamwa madzi ambiri ndiponso umayoyoka bwino kuposa watsopano. Pusa ndi TCG 10 ayambeni ndi makapu awiri. Basmati muviikeni kaye kwa mphindi 20 mpaka 30, mutsanule, n'kuphika ndi kapu imodzi ndi theka. Jasmine amafuna ochepa, kapu imodzi ndi kotala, apo ayi asanduka phala. Wofutsa uja wa ku South Africa umafuna makapu awiri kapena awiri ndi theka, ndi mphindi 20 mpaka 25 pamoto. Wabulauni, makapu awiri ndi theka, ndi mphindi 40 mpaka 45; kuuviika kwa ola limodzi kumafupikitsako nthawi.

Miyezo imeneyi ndi ya poto wa pabanja. Mumphika waukulu wa paukwati madzi ouluka ndi nthunzi amakhala ochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa mpunga, choncho chepetsani madzi pang'ono, ndipo khalani ndi ketulo ya madzi otentha pambali yoti muwazemo ngati pafunika. Kuwonjezera madzi n'kosavuta, kuchotsa n'kosatheka. Ndipo ndi bwino kuphika miphika iwiri ya makilogalamu 5 kusiyana ndi umodzi wa makilogalamu 10, chifukwa mpunga wochuluka umapsinjana, wapansi n'kuphwanyika wapamwamba usanapse.

Kaphikidwe kake nkotere. Wiritsani madzi mutathira mchere ndi supuni ya mafuta. Thirani mpunga, takasani kamodzi kokha kuti usakhale pansi, n'kuusiya ubwate osavundikira kwenikweni mpaka madzi afike pa mlingo wa mpunga ndipo pamwamba paoneke timaenje totulutsa nthunzi. Apa ndiye pofunika maso. Chepetsani moto kwambiri n'kuvundikira zolimba. Pambaula, phulani poto, muchotse makala ambiri kusiya ochepa okutidwa ndi phulusa, mubwezeretse poto, ndipo ena mwa makala mwachotsawo muwaike pamwamba pa chivundikiro. Moto wapamwambawo umaumitsa mpunga bwinobwino popanda kupsereza pansi. Pa nkhuni, sololani zikuni, musiye makala okha. Dikirani mphindi 12 mpaka 15 osavundukula, osatakasa. Mthiko ndi wa nsima. Mumphika wa mpunga umangoswa njere ndi kutulutsa ufa womata uja.

Ambiri amayala jumbo pamwamba pa mpunga kuti nthunzi isathawe. Chizolowezi chimenechi chisiyeni, pulasitiki yopyapyala ija siidapangidwire kutentha kwa chakudya. Tsamba la nthochi lotsuka ndi kuwamba pang'ono pamoto limagwira ntchito yomweyo, kapena kansalu koyera koyala pansi pa chivundikiro, nsonga zake mutazipindira pamwamba kuti zisagwire moto.

Mukaphula, usiyeni chivundikirire kwa mphindi 10. Nthawi imeneyi chinyezi chimagawana, wapansi n'kulimbako, wapamwamba n'kufewa. Kenaka umasuleni ndi foloko kapena chipande, kuyambira m'mbali. Ngati mwapeza kuti mkati mwa njere mukadali molimba madzi ataphwa, wazani madzi otentha okwana kotala la kapu, muvundikire, mubwezere pa moto wochepa kwa mphindi 5. Ngati madzi achuluka, vundukulani, muusiye pa moto wochepa kuti nthunzi ichoke, osautakasa.

Langizo langa pa mpunga wonunkhira ndi lakuti musauchulutsire zokometsera. Kilombero wabwino amangofuna mchere ndi mafuta pang'ono. Anyezi, kale ndi tomato zipite ku nkhuku. Mpunga wothira zonunkhiritsa, wosakaniza ndi nyama kapena masamba, phikirani Pusa, basmati kapena wofutsa uja, chifukwa njere zake zimapirira kutembenuzidwa.

Gawo 7: Wotsala

Mpunga wophika suyenera kugona mumphika pamalo ofunda. Muli kachilombo kotchedwa Bacillus cereus kamene mbewu zake sizifa ndi kuphika. Mpunga ukakhala wofunda kwa maola ambiri kamachulukana n'kutulutsa poizoni amene sachoka ngakhale mutautenthetsanso, ndipo amasanzitsa. Izi zimachitika kawirikawiri pa zikondwerero pamene mpunga waphikidwa mbandakucha n'kudyedwa madzulo. Konzani nthawi kuti upse pafupi ndi nthawi yodya, kapena ukhalebe wotentha pa makala. Wotsala uyaleni m'mbale yotakata kuti uzizire msanga, ulowe mufiriji pasanathe ola limodzi kapena awiri, ndipo udyedwe mawa lake mutautenthetsa mpaka kutuluka nthunzi. Popanda firiji, phikani wokwana kudya nthawi imodzi.

Gawo 8: Kwa amene mukufuna kudzala

Mlimi asankhe mtundu poyang'ana madzi ake kaye, msika pambuyo. Ngati dambo lanu limasunga madzi mpaka Epulo kapena Meyi, Kilombero ndi Faya akuyenerani, ndipo mtengo wake pamsika udzabweza kuchepa kwa matumba. Fesani nazale mvula ikangokhazikika, chifukwa mukachedwa kuwokera, mitunduyi idzaberekabe pa nthawi yake yomwe ija isanaphuke ana okwanira, zokolola n'kuchepa. Feteleza wa Urea musachulutse, ingagwe ngala zisanakhwime. Ngati madzi amaphwa msanga m'munda mwanu, dzalani yocha msanga monga Pusa. M'sikimu ya mthirira momwe mumalima kawiri pa chaka, mbewu ya chilimwe ikhale yaifupi, ndipo funsani alangizi za tsiku lofesa kuti isadzatulutse ngala m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, chifukwa kuzizira pa nthawi ya maluwa kumabereketsa mphwepwa. Kumtunda kopanda madzi oima, yesani NERICA.

Alimi ena m'masikimu amatsata kalimidwe kotchedwa SRI, njira, imene idayambira ku Madagascar m'zaka za m'ma 1980: kuwokera mbande zazing'ono za masiku 8 mpaka 15, imodzi pa phando, m'mizere yotalikirana pafupifupi masentimita 25 mbali zonse, n'kumathirira ndi kuumitsa mosinthana m'malo mosiya madzi ali chiimire. Njirayi imapulumutsa mbewu yambiri ndipo imagwira pa mitundu yonse, kungoti imafuna munda wosalazidwa bwino ndi kupalira pafupipafupi.

Mpunga umadzibereketsa wokha, choncho mbewu yosunga nokha imasunga mtundu wake ngati simuisakaniza. Kusakanizika kumachitikira panazale, popunthira ndi m'matumba. Patulani kachigawo ka munda ka mbewu, ndipo ngala zikatuluka yendanimo n'kuzula phesi lililonse losiyana ndi anzake pa msinkhu, pa nthawi yobereka kapena pa maonekedwe a njere. Kololani kachigawoko pakokha pamene njere 8 mwa 10 pa ngala zasanduka zachikasu, mupunthire pa lona yakeyake, musunge m'thumba lolembedwa dzina. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi, gulaninso mbewu yovomerezeka kuti muyambirenso ndi mtundu woyera.

Nthawi yofesa ikayandikira, thirani mbewuyo m'ndowa ya madzi, muyoole zonse zoyandama n'kutaya. Pa zomira zija werengani njere 100, muzikulunge m'kansalu konyowa, muike pamthunzi pofunda n'kumawaza madzi tsiku ndi tsiku. Pakatha sabata werengani zomera. Zikafika 80 kapena kupitirira, fesani. Zikachepera, onjezerani mbewu panazale kapena pezani ina mvula isanakhazikike.